Buku Lachitatu la Teyara

Katerina anafika pa siteji ya Golomoti dzuwa lili paliwombo. Sanali pa ulendo. Ankadikira buku.

Minibasi zitatu zinadutsa. Yachinayi, yochokera ku Balaka, inaima ndi fumbi lake, ndipo kondakitala wamtali anatsika atapanira kaphukusi m'khwapa.

"Katerina wa masola ndi uti pano?" anakuwa.

"Ndine pano. Musachite kukuwa, anthu angayese ndaba."

"Achemwali, ndiye mwandivutitsatu! Mayi amene wandipatsa kaphukusika anandilumbiritsa katatu. Akuti kasanyowe, kasapindike, munthu asakakhalire. Ine ndimayesa muli mankhwala a mtima."

Katerina anayang'ana kaphukusiko. Pepala lake linali long'ambika mbali imodzi.

"Mwatsegula?"

"Katseguka kokha."

"Kokha?"

"M'maenje a pa Kasinje paja." Mnyamatayo anakanda m'mutu. "Ndangoona pachikuto pokha. Mkazi wavala chipewa chagalasi, wanyamula sipanala, kumbuyo kwake madzuwa awiri. Ndiye ndati, dzuwa limodzi la ku Golomoti kuno likutiphika chonchi, awa akufuniranji awiri?"

Katerina anafuna kukwiya, koma kuseka kunamutulukira m'mphuno.

Dalaivala analiza hutala. Kondakitalayo anagwira chitseko, mwendo umodzi uli kale m'kati.

"Ndine Luciano, wa pa Mtakataka. Nambala yanu yalembedwa pakaphukusipo, ndailoweza. Ndikaimba mudzayankha?"

"Mukaimba za buku."

Katerina anali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Anali ndi benchi pakhonde la golosale ina pa Golomoti, pomwe ankakonza nyale za sola, mabatire ndi mapampu a m'madimba. Alimi a mpunga a ku Bwanje ankamudziwa. Poyamba ankafunsa kuti mwini benchi wapita kuti. Pambuyo pake anasiya kufunsa.

Ntchito ikachepa ankawerenga. Koma si buku lililonse. Iye ankafuna nkhani zopeka za m'tsogolo, za zombo zopita kunyenyezi ndi maiko ena, zolembedwa ndi akazi, momwe mkazi ndiye amaganiza, amakonza, ndipo akafuna amakana. Mabuku oterewa mungawapeze kuti? M'sitolo za ku Dedza mulibe. Ku Salima kulibe. Amatulukira mwamwayi, limodzilimodzi, m'milu ya mabuku akale ya m'misika, ena opanda chikuto, ena odyedwa ndi chiswe. Choncho panali akazi asanu ndi awiri, wina ku Zomba, wina ku Mzuzu, wina ku Balaka, amene ankauzana pa foni wina akatola buku, n'kumatumizirana pa minibasi.

Mwa onsewo, Katerina ankakonda nkhani ya Teyara. Teyara ankakhala m'dziko louma la madzuwa awiri, komwe lamulo linkati mkazi akakwatiwa azipereka zida zake zonse kwa mwamuna. Iye anali wokonza makina a madzi. Nkhaniyo inali m'mabuku atatu. Loyamba Katerina analipeza m'katoni ya aphunzitsi ake akale. Lachiwiri ndi lija anabweretsa Luciano, patapita zaka ziwiri akulisaka. Lachitatu panalibe ndi mmodzi yemwe mwa akaziwo amene analionapo.

Tsiku lotsatira atalandira bukulo, uthenga wa Luciano unalowa.

"Ndi za buku. Kodi mayi wa sipanala uja wapeza mthunzi?"

Katerina anayankha kuti, "Sakufuna mthunzi. Akufuna madzi."

"Ngati ine. Ludzu landigwira kuyambira dzulo pa Golomoti."

"Pa Mtakataka mijigo ilipo yambiri."

"Mwandipha, achemwali!"

Sipanathe mwezi, "achemwali" anatha. Minibasi ikaima pa Golomoti, Luciano ankathamangira kubenchi ndi nzimbe kapena malambe, dalaivala akutukwana kumbuyo. Anamupatsa dzina: Nyenyezi.

"Nyenyezi yanga, lero wawotcha mawaya angati?"

"Ochepa kuposa mabodza amene wanena kwa okwera."

"Ine? Ndikati yadzaza tikunyamuka, ndimanena za mumtima."

Katerina anamufotokozera nkhani yonse ya Teyara, ndipo Luciano ankamvetsera kukamwa kuli yasa. Ankafunsa mafunso. Ankakwiya nawo akulu a dziko la madzuwa awiri aja. Ndi mnyamata uti wina anachitapo zimenezi? Ena onse ankangoti, "Mabuku a azungu akusokoneza mutu."

Lamlungu lina, atatuluka m'tchalitchi ku Mua, anayenda mpaka pamene osema mitengo amayanika ntchito zawo. Luciano anaima, namugwira dzanja.

"Kate, buku lachitatulo ndidzakupezera ine. Ngakhale likhale pansi pa bedi la sing'anga ku Nsanje, ndidzalitulutsa."

"Anthu asanu ndi awiri alephera."

"Anthuwo sakukonda ngati ine."

Ndipo analisakadi. Zimenezi palibe angamulande. Analemba dzina la bukulo pakatoni n'kulipachika m'minibasi, pafupi ndi galasi. Anauza makondakitala anzake a ku Lilongwe, a ku Limbe, a ku Mangochi. Tsiku lopuma ankakwera kupita kumisika kukagwada pamilu ya mabuku, kutembenuza limodzilimodzi mpaka zala kuda.

Mauthenga ankabwera motere:

"Lilongwe, mulu wachisanu. Ndapeza la kaphikidwe ka nsomba za m'nyanja ya mchere. Ndikubweretsere?"

"Ntcheu. Aphunzitsi opuma ntchito andionetsa chipinda chodzaza mabuku. Chiswe chinafika kale. Chawerenga onse."

"Nyenyezi, lero ndatola lina la mkazi woyendetsa chombo. Si Teyara, koma nkhope yake ndi yamakani ngati yako."

Limenelo Katerina analiwerenga kawiri, n'kulitumiza ku Mzuzu. Akazi aja anayamba kumutcha Luciano "alamu athu a mabuku". Katerina ankayenda ngati wavala nsapato zatsopano.

Mpunga utayamba kucha ku Bwanje, Luciano anatumiza ankhoswe ake kwa a Saulosi, amalume a Katerina. Anagwirizana kuti chinkhoswe chichitike anthu akamaliza kukolola.

Kenako kunabwera kalata.

Koleji ina ya zamagetsi ku Blantyre, komwe Katerina anafunsira malo chaka chathacho, inamutenga. Maphunziro a zaka zitatu. Ankafunika kuyankha lisanadutse Lachisanu lomaliza la mweziwo, kupanda kutero malowo apatsidwa kwa wina.

Anathamanga nayo kusiteji. Luciano anaiwerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda.

"Zaka zitatu," anatero.

"Ndizibwera patchuthi."

"Mvula zitatu, Kate."

"Sukukondwa?"

"Ndikukondwa! Bwanji osakondwa?" Anamwetulira, koma maso anali pamsewu. "Pita, wapamtima. Ine ndidzakudikira. Ndikulonjeza."

Masabata awiri anapita. Mauthenga ake anafupika. Kenako Lolemba la sabata lomalizalo, foni ya Katerina inalira m'mawa.

"NDALIPEZA!!! Balaka, kwa mdala wina wogulitsa nyuzipepala zakale. Linali pansi pa thumba. Tseka benchi, Nyenyezi, ndikubwera."

Katerina anakuwa mpaka mwini golosale anatuluka ndi tsache, akuyesa njoka.

Bukulo linali lotopa. Chikuto chakumbuyo kunalibe, msana wake unali womatidwa ndi selotepu yatsopano.

"Mdalayo ndiye anamata," anatero Luciano. "Linali likuyoyoka."

Katerina anamukumbatira pamaso pa anthu onse a pasiteji. Sanasamale!

Analiwerenga masiku awiri, atakhala kuseri kwa benchi, makasitomala akubwerera. M'bukumo Teyara anaitanidwa kukakonza makina aakulu a madzi pa mwezi wakutali, ntchito ya zaka zambiri. Koma anali ndi chibwenzi, mwamuna wofatsa amene ankamukonda. Mwamunayo anamupempha kuti akhale. Teyara analimbana nazo mumtima mitu isanu yathunthu. Ndipo pa tsamba 298 ananyamula bokosi lake la zida, nakaliika pakhomo pa mwamunayo, n'kubwerera kwawo wopanda kanthu m'manja.

Pansi pa mawuwo panali poyera. Bukulo linathera pomwepo.

Katerina anawerenganso tsambalo. Teyara? Teyara yemwe uja anakana akulu a dziko lonse? Zaka zonsezi ankasaka kuti adzaone zimenezi? Misozi inagwera pa tsamba 298.

Lachitatu masana Luciano anamupeza maso ali ofiira.

"Wapereka zida," anatero Katerina. "Wakhala."

"Mwina anaona kuti chikondi n'chachikulu kuposa makina."

"Mwina."

"Ngakhale iyeyo, Kate. Mkazi wolimba ngati uja." Anamusisita paphewa. "Ine sindikukuletsa ayi. Koma benchi uli nayo kale. Anthu akukudziwa. Blantyre ikakupatsa chiyani chimene ulibe? Ine ndidzakusunga ngati dzira, duwa langa. Sudzalira tsiku ndi limodzi lomwe."

Minibasi itapita, Katerina analemba uthenga wopita ku koleji. "Zikomo pondiganizira, koma sinditha kubwera." Anauwerenga katatu. Chala chinakana kutumiza. Anati atumiza Lachisanu m'mawa.

Lachinayi anaitanidwa ku Mtakataka kukakonza sola ya pa shopu ina. Atamaliza anadzera pamsika kuti akapereke moni kwa Bridget, mlongo wake wamkulu wa Luciano, amene ankakazinga zitumbuwa pafupi ndi msewu.

"Alamu anga!" anakuwa Bridget. "Mwaonda bwanji chinkhoswe chisanafike? Anthu adzati kwathu tikukuzunzani. Khalani apa."

"Ndikuthamangira kubenchi, alamu."

"Ndiye mudyera m'njira."

Bridget anatola pepala pansi pa mwala, nakulungamo zitumbuwa zinayi zotentha. Katerina analandira ndi manja awiri. Mafuta anali atalowa kale m'pepalamo, zilembo za mbali zonse ziwiri zikuonekera. Anangoyang'ana mwachizolowezi, monga amachitira munthu wowerenga ndi pepala lililonse.

Teyara.

Anaphethira. Dzinalo linali pomwepo, kawiri. Pamwamba pa pepalalo panali nambala: 303.

Zitumbuwa zinagwera m'fumbi.

"Mayo! Zakuwotchani?"

"Alamu, pepalali mwalitenga kuti?"

"Limeneli? Kwa Luciano. Ndinawapeza m'thumba la jekete lake pochapa Lolemba. Ndinamufunsa, akuti, 'Achemwali, muyatsire mbaula amenewo.' Ine ndinati, pepala lolimba chonchi kuwotcha? Nyuzipepala zikusowa masiku ano, ndipo zimang'ambika ndi mafuta. Ndinangosunga. Ndayamba kukulungira lero lomwe."

Katerina anayendetsa chala m'mbali mwa pepalalo. Munali mowongoka bwinobwino. Chiswe sichidula chonchi. Buku loyoyoka silithothoka chonchi. Iyi inali ntchito ya lezala.

"Analipo angati?"

"Asanu ndi awiri. Atsala atatuwa, ndi lanulo." Bridget anamuyang'anitsitsa, supuni ili m'mwamba. "Alamu, ndalakwa chiyani?"

"Inu simunalakwe. Atatu enawo apita ndi ndani?"

Pa Mtakataka wogulitsa amadziwa amene wadya zitumbuwa zake. Limodzi linapita kwa a Amosi atelala. Lina kwa mayi wogulitsa mpunga pakona. Lachitatu linalowera pawindo la minibasi yopita ku Salima.

Katerina anatola atatu otsala aja, nathamanga. A Amosi anali atalemba kale miyeso ya thalauza m'mphepete mwa pepala lawo.

"Bambo, ndikupempha pepalalo."

"Lili ndi chiuno cha munthu ili, mwanawe."

"Ndikukoperani pena."

Anakopera miyesoyo pachigamba cha katoni, a Amosi akupukusa mutu. Mayi wa mpunga anali atapinda lake n'kumadzikupizira. Analipereka akuseka. "Kalata ya chibwenzi eti?"

"Eya, mayi," anatero Katerina. "Ndiyomweyo."

Anakakhala patsinde pa mlambe kuseri kwa msika, nayala mapepala asanu ndi limodzi pamwendo, kuyambira 299 mpaka 310. Ananunkha nthochi ndi mafuta. Anawerenga.

Kutacha, Teyara anagogoda pakhomo pa mwamuna uja. Anamuuza kuti bokosi lija analisiya kuti iyeyo amunyamulire, amuperekeze kuchombo monga amachitira munthu wokukonda. Koma mwamunayo anali atalilowetsa m'nyumba n'kulikhoma. Anati kiyi wataya. Teyara sanakuwe. Sanathyole chitseko. Anatembenuka, nayenda yekha mtunda wonse kukafika kuchombo. Pakhomo pa chombocho woyendetsa anamufunsa kuti, "Wokonza makina, zida zako zili kuti?" Teyara anatambasula manja ake awiri, nati...

Tsamba 310 linathera pamenepo. Mawu a Teyara anali pa ulendo wa ku Salima, atakulunga zitumbuwa za mlendo.

Katerina anaseka. Kenako analira, kulira kwenikweni, chipumi atatsamiza pamlambe. Sankalirira bukulo. Ankalirira mnyamata amene anagwada m'misika isanu chifukwa cha iye, n'kudzagula lezala pamapeto pake.

Atamaliza anapukuta nkhope ndi chitenje, napita kusiteji.

Minibasi ya Luciano inafika cha m'ma 3 koloko. Anamuona ali pawindo.

"Nyenyezi! Wandizonda mpaka kwathu? Lero ndiye..."

Anaona mapepala amafuta m'dzanja lake. Anatsika, nauza dalaivala kuti apitirire, abwera pambuyo.

"Achemwali anu sataya pepala," anatero Katerina.

"Kate, ndimvere kaye."

"Ndikumva."

"Ndinalipeza Lachitatu lapitalo. Ndinafuna ndiliwerenge kaye, kuti tizidzakambirana. Masiku anayi ndikulimbana ndi Chingerezi chimenecho. Kenako ndinafika kumapeto. Ndinadziwa kuti ukawerenga zimenezi upita, ndipo sutembenuka. Ku Blantyre kuli anyamata a mataye, Kate. Ine ndine ndani? Wopachika mutu pawindo n'kumakuwa Salima, Salima!"

"Ndinakufunsaponi taye?"

"Ndinaopa. Ndimakukonda, ndiye ndinaopa!"

"Mukanandiuza kuti mukuopa, tikanakhala pansi. Mwina ndikanalira nanu. Mwina tikanapeza njira." Anamuonetsa mapepala aja. "Koma munakhala pansi nokha, ndi lezala. Munasankha pomwe nkhani ithere. Kenako munabwera kudzandisisita paphewa ndikulirira bodza lanu."

"Ndi buku chabe, wapamtima!"

"Likanakhala buku chabe simukanalidula."

Anyamata a kabaza anali atasiya kukangana, akumvetsera. Bridget anaima chapatali, manja ali pamutu.

Katerina anatulutsa foni. Anafufuta uthenga wa dzulo uja, nalemba wina, akuuwerenga mokweza kuti Luciano amve liwu lililonse.

"Ndalandira malowo. Ndibwera."

Anatumiza.

"Ndidzakudikirabe," anatero Luciano. Misozi inali itafika pachibwano. "Zaka zitatu, zisanu, zilizonse. Ndikulumbira pamaso pa Mulungu, Nyenyezi."

"Musadikire. Amalume a Saulosi akaonana ndi ankhoswe anu Loweruka. Munandipezera bukuli, zikomo. Zimenezo sindidzaiwala. Zinazi sindidzaiwalanso."

Anapinda mapepala aja mosamala, nawaika m'chikwama cha zida, pakati pa mawaya. Anakodola wa kabaza. Luciano anamutsatira, nagwira chitsulo chakumbuyo kwa njinga.

"Lasowa limodzi, eti? Ndawerenga, ndi asanu ndi limodzi. Lomaliza palibe." Anagwiritsitsa chitsulocho. "Ine ndinaliwerenga, Kate. Katatu. Ndikudziwa zimene Teyara anayankha. Ndilole ndikuuze, chimenechi chokha."

Katerina anatembenuka. Zaka zonse zija akusaka! Mawu omaliza a Teyara anali pomwepo, mkono umodzi kuchokera pakhutu lake. Akanangogwedeza mutu basi.

Anamuyang'ana m'maso nthawi yaitali.

"Ayi," anatero. "Kuchokera pakamwa panu, ayi. Ndikalisaka ndekha."

Anachotsa dzanja la Luciano pachitsulo, chala chimodzichimodzi, mosakalipa.

"Golomoti, achimwene," anauza wa kabaza. "Tiyeni. Ndili ndi mapampu awiri oti ndimalize ndisanapite kusukulu."